God's Own Country: mafunso ndi mayankho pa filimu ya anyamata awiri oweta nkhosa ku Yorkshire

Francis Lee anatulutsa filimu yake yoyamba, God's Own Country, mu 2017. Ndi nkhani ya chikondi cha anyamata awiri pa famu ya nkhosa kumpoto kwa England, ndipo mpaka lero anthu akamatchula mafilimu abwino onena za amuna okondana okhaokha, dzina lake silisowapo. Mayankho ali m'munsiwa akuulula zambiri, ndi mathero omwe, choncho amene safuna kuuzidwiratu ayambe waonera kaye.

Kodi nkhani yake ndi yotani?

Johnny Saxby ndi mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene akukhala ndi bambo ake, a Martin, komanso agogo ake aakazi, a Deirdre, pa famu ina m'mapiri a ku Yorkshire. Bambowo anadwala sitiroko, amayendera ndodo, ndiye ntchito yonse inagwera Johnny. Anzake a kusukulu anapita ku yunivesite, iye n'kutsala ndi ndowe. Madzulo amamwa mpaka osadziwa kuti wafika bwanji pakhomo, m'mawa n'kudzuka ndi matsire, kusanza, kenako kukaona ziweto.

Nyengo yoti nkhosa ziyambe kuswa itafika, banjali linalemba waganyu wa masiku ochepa wochokera ku Romania, dzina lake Gheorghe Ionescu, n'kumupatsa kalavani yakutha pabwalo kuti azigonamo. Johnny anamulandira ndi mwano. Awiriwa anatumizidwa kuphiri, kutali ndi nyumba, kuti akayang'anire nkhosa zoswa ndi kukonza mpanda wamiyala womwe unagumuka. Kumeneko ndi kumene zinayambira. Atabwerera kumunsi, bambo aja anadwalanso sitiroko yachiwiri, Johnny anachita chinthu chopusa ataledzera, ndipo Gheorghe ananyamuka osatsanzika. Gawo lotsala la filimuyi likutsata Johnny pamene akuphunzira kukhala munthu woti mnzake angabwerere kwa iye.

Anaipanga ndani, nanga n'chifukwa chiyani amati ndi filimu yaing'ono?

Francis Lee ndiye analemba nkhaniyi komanso kutsogolera ntchito yojambula. Iyeyo anakulira pa famu ku West Yorkshire konko, n'kupita ku London kukakhala wochita zisudzo. Atatopa nazo, anagwirako ntchito pamalo ogulitsa zitsulo zakutha kuti apeze ndalama zojambulira timafilimu tatifupi. Filimuyi anaijambulira kufupi ndi tauni ya Keighley, pafupi ndi famu ya bambo ake.

Kuchepa kwake kuli pa ndalama. Inadya pafupifupi mapaundi 1 miliyoni, omwe kwa makampani akuluakulu a ku Hollywood ndi ndalama ya fodya, ndipo thandizo linachokera ku mabungwe a British Film Institute ndi Creative England. Josh O'Connor, amene anakhala Johnny, anali asanatchuke. Kutchuka kunabwera pambuyo pake atakhala Prince Charles m'sewero la pa TV la The Crown. Alec Secăreanu, amene anakhala Gheorghe, anamupeza ku Bucharest. Mayina omwe anthu ankawadziwa kale anali a Gemma Jones, agogo aja, ndi Ian Hart, bambo aja.

Mphoto ndiye inakolola. Ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu Januwale 2017, Lee anapata mphoto ya wotsogolera bwino pa mafilimu ochokera kunja kwa America. Inatsegulira chikondwerero cha ku Edinburgh n'kutenga mphoto ya Michael Powell. Inayamba kuonetsedwa m'nyumba za kanema ku Britain pa 1 Seputembala 2017, ndipo kumapeto kwa chakacho inatenga mphoto zinayi za British Independent Film Awards, kuphatikizapo ya filimu yabwino koposa ndi ya O'Connor.

Johnny akuoneka wamwano komanso wouma mtima. Woonera amumvere chisoni chifukwa chiyani?

Poyamba palibe chifukwa, ndipo Lee sakutinyengerera. Kumayambiriro, Johnny anapita ndi ng'ombe kumsika wa ziweto, n'kukumana ndi mnyamata wina wogwira ntchito pamsikapo. Anagonana naye mothamanga m'ngolo yonyamulira ziweto, osalola ndi kupsompsonana komwe. Mnyamatayo atamufunsa ngati angadzamwere limodzi tsiku lina, Johnny anangokana n'kuliza galimoto. Pofika kunyumba anapeza ng'ombe ina itavutika poswa popanda woithandiza, mwana wake atatayika, bambo ake akumudikira ndi mawu.

Koma taonani m'nyumba mmene akukhalamo. Palibe amene amanena zikomo. Bambo amalankhula polamula kapena podzudzula basi. Agogo amaphika, kuchapa ndi kusita, koma chikondi chawo chimathera m'mbale ya chakudya. Mayi ake a Johnny anachoka iye ali mwana, ndipo nkhani yawo siikambidwa. Munthu wokulira pakhomo lotere amadziwa kugwira chingwe, mfuti ndi botolo, koma sadziwa kugwira munthu mnzake mofatsa. Malo okhawo amene timaona dzanja la Johnny litafewa kumayambiriro ndi pamene akusisita ng'ombe yabere m'khola, popanda womuona.

Apa ndi pamene filimuyi ikusiyana ndi ambiri a mtundu wake. Johnny sakulimbana ndi funso loti kodi amakonda amuna kapena ayi. Zimenezo anazidziwa kalekale, ndipo mnzake wina wamkazi wa kusukulu, amene akukumana naye pamalo omwera mowa, akuzidziwanso. Bala lake ndi lina: amaona ngati kufuna munthu ndi kufooka, ndipo amakhulupirira kuti aliyense amene angamulole kuyandikira adzachoka ngati mmene anachokera mayi ake ndi anzake. O'Connor akuonetsa zonsezi ndi thupi. Mapewa ali okwera mpaka m'makutu, mutu uli pansi, akudya ngati wina amulanda mbale. Mawu ake m'filimu yonse akhoza kukwana masamba ochepa chabe.

Nanga chikondi chawo chikuyamba bwanji ngati poyamba ankadana?

Chikuyamba ndi ndewu. Johnny ankangomutchula Gheorghe dzina lachipongwe limene anthu ena ku Britain amanyozera a mtundu wa Roma, anthu amene kale ankadziwika ndi moyo woyendayenda. Gheorghe anapirira kangapo, kenako tsiku lina anamugwetsera pansi m'matope n'kumuchenjeza kuti asadzabwerezenso. Aka kanali koyamba kuti wina amuimitse Johnny popanda kumunyoza.

Koma chimene chinamusungunula mtima si ndewuyo ayi, ndi zimene ankaona Gheorghe akuchita ndi nkhosa. Nkhosa ina inaswa kamwana kofooka, kosapuma, koti Johnny akanangokataya. Gheorghe anakapukuta kukamwa, kukatikita mpaka kanatsitsimuka, n'kukaika m'jekete lake pachifuwa kuti kamve kutentha, n'kumakamwetsa mkaka wa m'botolo. Kenako pali chithunzi chimene ambiri sachiiwala. Mwana wa nkhosa ina atafa, Gheorghe anatulutsa mpeni n'kumusenda chikopa bwinobwino, kuboola moti mutu ndi miyendo zitulukire, n'kuveka kamwana kamasiye kaja chikopacho ngati juzi. Make wa wakufa uja ananunkhiza, n'kumva fungo la mwana wake, n'kukalola kuyamwa. Kamera ikukhala nthawi pa manja a Gheorghe, magazi ali m'zala, kenako ikutembenukira kwa Johnny amene wangoima chapatali kuyang'ana. Palibe nyimbo, palibe wolankhula. Alimi a nkhosa akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, si matsenga a filimu, koma kwa Johnny linali phunziro loti manja omwewo angathe kusenda ndi kusamala.

Kugonana kwawo koyamba kuli ngati kupitiriza ndewu ija, m'matope, mopanda ulemu. Kwachiwiri, Gheorghe akugwira dzanja la Johnny kuti achepetse liwiro, akumusisita kumaso, ndipo Johnny akunjenjemera ngati akumenyedwa. Zithunzi ziwirizi ziyenera kuonedwa zonse, chifukwa kusiyana kwake ndi kumene kukunyamula nkhani.

Kodi ziwetozo ndi ntchito za pafamu ndi zenizeni?

Inde. O'Connor ndi Secăreanu anagwira ntchito m'mafamu a m'deralo kwa masabata angapo asanayambe kujambula, ndipo manja amene mukuwaona akukoka mwana wa nkhosa m'mimba mwa make ndi awo enieni. Lee anajambula nkhaniyi motsata ndondomeko yake, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, zomwe sizichitika kawirikawiri chifukwa zimadya ndalama. Amene ali ndi mtima wa nseru adziwiretu kuti muli magazi, ndowe ndi masanzi, ndipo kamera ya Joshua James Richards siithawa chilichonse mwa izi.

Chodabwitsa n'chakuti dera lokongola chonchi sitikuliona kwenikweni. Kamera ikungokakamira pankhope, pamanja ndi pansapato, chifukwa Johnny mwiniwakeyo sadzutsa mutu. Dziko likutambasuka bwinobwino pamene Gheorghe wakwera pamwamba pa phiri m'mamawa, Johnny n'kumutsatira, n'kuona kwawo ngati mlendo.

Mtima ukusweka pati, ndipo wolakwa ndani?

Wolakwa ndi Johnny, palibe chozungulira. Bambo ake ali m'chipatala, awiriwa anakhala masiku ochepa ngati banja. Gheorghe anakonza m'nyumba, kuika maluwa patebulo, kuphika, kulawa mchere m'mbale ya Johnny asanamupatse. Anakamanso nkhosa n'kupanga tchizi, chinthu chimene pakhomopo sanachiganizirepo. Johnny anamupempha kuti akhalitse. Gheorghe, amene anaonapo famu ya kwawo ikugwa, anayankha moona mtima kuti sangakhale ngati zinthu zipitirire kuyenda mmene zikuyenderamu, ndipo anafunsa kuti iwo awiriwo adzakhala chiyani. Funso lachilungamo, koma Johnny analimva ngati kukanidwa.

Zotsatira zake zinachitikira kumalo omwera mowa. Johnny anamwa motsatizana, n'kulowa m'chimbudzi ndi mnyamata wina amene anangokumana naye pomwepo. Nthawi yomweyo Gheorghe anali yekha, munthu wina wa m'deralo akumuputa chifukwa ndi wobwera. Atapita kukafuna Johnny kuti azipita, anapeza zimene zinkachitikazo. M'mawa kalavani inali yopanda munthu.

Ine ndimaona kuti apa Lee analemba mwanzeru. Palibe mdani wakunja amene anawalekanitsa, kaya m'busa, kaya wapolisi, kaya bambo wolusa. Johnny anaphwanya yekha chinthu chabwino chifukwa choopa kuti chidzaphwanyika. Amene anakhalapo pa chibwenzi ndi munthu wotere, kaya mwamuna kaya mkazi, azindikira khalidweli msanga.

Nanga bambo ake ndi agogo ake akuti chiyani atadziwa?

Ambiri amayembekezera chithunzi cha mkangano waukulu, mwana akuulula, kholo likumuthamangitsa. Chithunzi chimenecho mulibe. Agogo aja anapeza kondomu yogwiritsidwa kale ntchito pokonza m'chipinda, ndipo sanaitane msonkhano. Anangomukumbutsa mdzukulu wawo kuti mnyamata uja anabwerera ntchito. Nkhawa yawo yeniyeni inali pa mwana wawo amene ali gone m'chipatala ndi famu yomwe ikutha.

Mtima wa filimu yonse, kwa ine, uli m'bafa. A Martin anatuluka m'chipatala osathanso kuyenda kapena kulankhula bwino. Munthu amene moyo wake wonse ankalamula tsopano akufunika kunyamulidwa ndi kusambitsidwa. Johnny anatenga ntchitoyo. Akuwasambitsa pang'onopang'ono, kuwathira madzi kumsana, mofatsa ngati mmene Gheorghe ankagwirira kamwana ka nkhosa kaja. Bambowo akulimbana ndi lilime lolemera mpaka akutulutsa mawu amodzi othokoza. Amene anasamalirapo kholo lodwala sitiroko akudziwa manyazi amene amakhalapo mbali zonse ziwiri, wosambitsa ndi wosambitsidwa, ndipo Ian Hart akuwaonetsa ndi maso okha.

N'chifukwa chake ndimati kuchira kwa Johnny sikukuyamba pamene wapezananso ndi Gheorghe. Kukuyamba Gheorghe kulibe, popanda chitsimikizo choti adzabwerera. Anapeza juzi imene mnzakeyo anaiwala n'kuivala, inde, koma anachitanso zovuta kuposa pamenepo: anadzuka n'kugwira ntchito, anasamala bambo ake, kenako anawauza maso ndi maso kuti famuyo aiyendetsa, koma mwa njira yake, ndipo akupita kukatenga Gheorghe. Bambowo anangofuna kudziwa ngati zimenezo zimusangalatse. Agogo, omwe aja osalankhula zambiri, ndi amene anamupatsa kapepala kolembedwa kumene Gheorghe anapita.

Kodi ikutha bwino?

Ikutha bwino. Johnny anakwera basi ulendo wautali mpaka ku Scotland, n'kumupeza Gheorghe akugwira ntchito pa famu yaikulu ya mbatatesi. Kupepesa kwake n'kosalongosoka: akuyamba ndi nkhani za nkhosa, akuzungulira, Gheorghe akutembenuka kuti azipita, ndiye pamene mawu akutuluka, oti akufuna kukhala naye ndipo watopa ndi kukhala munthu wowononga zinthu. Anabwerera limodzi. Kalavani ija inakokedwa kuchoka pabwalo, ndipo awiriwo analowa m'nyumba.

Anthu amaiyerekeza ndi Brokeback Mountain. N'zofanana?

Pamwamba pokha. Monse muwiri muli amuna awiri, nkhosa, phiri ndi chovala chosiyidwa. Koma filimu ya Ang Lee ya 2005 ija ikuyambira ku Wyoming mu 1963, nthawi imene amuna otere ankaopa kuphedwa, ndipo ikuthera pa imfa ndi kunong'oneza bondo. Ku England ya Johnny, lamulo linasiya kulanga amuna akuluakulu ogonana mwamseri mu 1967, ndipo maukwati a amuna kapena akazi okhaokha anayamba mu 2014. Choopa Johnny sichili kunja. Kwa zaka zambiri mafilimu a nkhani zotere ankathera pa maliro kapena kulekana, moti kungoti awiriwa atsala amoyo, ali limodzi, pa famu yomweyo, chinali chinthu chachilendo kwa oonera ambiri.

Kodi nkhani ya obwera ili ndi malo anji m'filimuyi?

Ili ndi malo aakulu ngakhale siikuchita phokoso. Romania inalowa mu European Union mu 2007, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2014 anthu ake analoledwa kugwira ntchito ku Britain popanda ziletso mpaka kumapeto kwa 2020. Ambiri anapita m'mafamu, kukagwira ntchito zimene eni dziko sankazifuna. Lee ananenapo kuti maganizo a Gheorghe anachokera kwa mnzake wa ku Romania amene ankagwira naye ntchito pamalo a zitsulo paja, ataona mmene anthu ankamunyozera. Filimuyi inajambulidwa voti ya Brexit (yoti Britain ituluke mu European Union) ya pa 23 Juni 2016 isanachitike, n'kutuluka itachitika, choncho oonera anaiwerenga ndi maso ena.

Pali pamene Gheorghe akufotokoza kuti dziko lake linafa, kuti m'matauni ambiri mwatsala agogo okhaokha olira ana awo amene anapita kunja. Wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene anaona mudzi ukutsala ndi amayi ndi ana anyamata atathera ku Joni safunika kumumasulira zimenezi. Ndipo amene anagwirapo ntchito kunja akudziwa za kukhala waluso kuposa bwana koma n'kumagona m'kalavani.

Chofooka chake n'chiyani? Kapena ndi yangwiro?

Si yangwiro, ndipo vuto lake lalikulu ndi Gheorghe yemweyo. Munthuyu amadziwa zonse: kuswetsa nkhosa, kumanga mpanda, kuphika, kupanga tchizi, kuleza mtima, kukonda. Alibe khalidwe loipa ndi limodzi lomwe. Za moyo wake timangomva pang'ono, kuti mayi ake amaphunzitsa Chingerezi ndiponso kuti kwawo kunali famu. Nthawi zina amaoneka ngati mankhwala amene wolemba anatumizira Johnny, osati munthu wokhala ndi zofuna zakezake. Secăreanu akuyesetsa kudzaza mpatawo ndi maso ake, ndipo pa chithunzi cha ku Scotland mkwiyo wake ukuoneka kuti ndi weniweni, komabe kukhululuka kwake kukubwera msanga. Munthu amene wachitidwa zija m'chimbudzi cha bala, mnzake akudziwa kuti ali yekha pakati pa anthu omuda, akanayenera kuvutitsa pang'ono.

Chinanso, mowa wa Johnny ukungozimiririka. Munthu womwa mpaka kusanza tsiku ndi tsiku sasiya chifukwa wapeza chibwenzi. Ndipo funso la ndalama, loti famu yaing'ono ngati imeneyi ipulumuka bwanji, likusiyidwa pa tchizi cha nkhosa basi. Izi sizikugwetsa filimuyi, koma theka lake lachiwiri likuthamanga kuposa loyamba.

Kwathu nkhani imeneyi ndi yovuta. Munthu wosagwirizana nazo angapezemo kanthu?

Kuvuta kwake n'koona. Ku Malawi malamulo a milandu, omwe maziko ake anabwera ndi atsamunda a ku Britain komweko, amapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulowo akhalebe. Ku Mozambique analeka kulanga mu 2015, ku South Africa maukwati otere ndi ololedwa kuyambira 2006. Owerenga Chichewa ali m'maiko onsewa, ndipo maganizo awo ndi osiyana.

Filimuyi siikukopa munthu kuti asinthe maganizo, mulibe ulaliki, mulibe mbendera. Ikungoonetsa anthu anayi pakhomo limodzi. Amene sangathe kupirira kuona amuna awiri akupsompsonana asadzivutitse, chifukwa zimenezo zilimo ndipo sizikubisidwa. Koma amene angathe kukhala mpaka kumapeto apeza kuti zambiri zimene zikumukhudza ndi za mwana wotsala pakhomo anzake atapita, kholo lodwala, ndi amuna amene analeredwa osaphunzitsidwa kunena zakukhosi.

Ndingaonere ndi ana kapena makolo? Nanga pali zoti ndisamale posankha kope?

Ndi ana ayi. Ku Britain inaikidwa m'gulu la oyambira zaka 15, ndipo muli kugonana koonekera, umaliseche ndi kutukwana kwambiri. Ndi apongozi pabalaza, mudzasowa poyang'ana.

Ndi yotalika pafupifupi mphindi 105. Ngati kope lanu ndi lalifupi kwambiri kuposa pamenepa, mwina ladulidwa. Mu Meyi 2020 Francis Lee anadandaula poyera kuti kope limene linali pa Amazon Prime ku America linachotsedwa zithunzi zina za kugonana iye osadziwa, n'kupempha anthu kuti asalionere mpaka litakonzedwa. Kudula koteroko kumawononga nkhani, chifukwa kusintha kwa Johnny kukuonekera ndendende pa kusiyana kwa zithunzi ziwiri zija za kuphiri.

Yatsaninso mawu olembedwa pansi. Chingerezi cha ku Yorkshire chimameza zilembo, a Martin akadwala kachiwiri mawu awo akumveka movutikira, ndipo Johnny amalankhulira m'mano. M'filimu yonseyi, amene akulankhula Chingerezi chomveka bwino kwa ife ndi Gheorghe.